Mwala Umene Unayenda Wokha Pamzere wa Ufa

Ba Sisita a kukiliniki anati ndiyambe ndalemba zimene ndikufuna kunena, chifukwa pakamwa panga sapakhulupirira. Sindikuwatsutsa. Ndiye ndiziwerenga, ndipo mukaona ndatsitsa pepala, dziwani kuti ndayamba kuthira mchere.

Moni nonse mwakhala pamabenchi apa. Ena munali pakhoma lija la kusitolo limodzi ndi ine tsiku limene linagwa, ena munaona zanu kwina, pamsewu kapena pamoto. Ndine Dailesi wa kuno ku Matero, giredi naini. Ndikuona bana Mulenga, aneba athu, apinda kale milomo kumbuyoko. Inde mayi, ndine yemwe uja. Ndine ndinamangirira mchira wa chingwe kujekete la aphunzitsi a masamu, nayenda nawo mpaka kumsika. Ndine ndinkakomoka dala pa asembule ahedi akatalikitsa nkhani. Ndinkagwa mokongola, mofewa ngati chitenje chapulumuka pachingwe, anzanga n'kundinyamulira pamthunzi, ine diso limodzi lili penye. Ngati mwabwera kudzamva ndikulapa zimenezo, mwavalira pachabe zovala zanu zabwino. Ndabwera kudzanena za tsiku limene ndinagwa zenizeni, koma palibe anandikhulupirira.

Mukudziwa mmene zinthu zilili masiku ano. Fakitale ya atate inatseka, iwo anapita kukasaka ganyu kumafamu. Amayi amalawirira kumayadi kwa anthu olemera kukachapa zovala za eni. Ufa umabwera ngati mlendo wosalonjeza: mphekesera imangomveka kuti lole ifika lero kusitolo yaikulu ya pamsika, basi aliyense liwiro. Pakhomo pathu woima pamzere ndinali ine, ndikaweruka kusukulu.

Dzuwa la Okutobala palibe angaime nalo maola asanu. Ndiye munthu amaika mwala wake pamzere, kapena chitini, kapena patapata wakutha, n'kukakhala pamthunzi. Lamulo ndi limodzi, ndipo palibe analilemba: pomwe pali mwala wako ndi pomwe pali iwe. Lole ikalira, aliyense amathamangira pamwala pake.

Ine nthawi imeneyo ndinkaikonda kuposa Khirisimasi. Anthu akusinza pansi pa majakaranda, miyala ili ndondondo padzuwa, yofatsa ngati ana a Sande sukulu. Ndinkadutsa ngati ndataya phini, chala chaphazi chikugwira ntchito yake. Uwu kutsogolo, uwu kumbuyo. Lole ikafika, sewero layamba.

"Nindani wasuntha mwala wanga?" amatero bana Mulenga, manja m'chiuno. "Nenze pafupi na geti ine!"

"Bana Mulenga, mwala uli na mendo?" amayankha ena. "Pamene uli ni pamene munauika!"

Ine kuseka mpaka nthiti kuwawa.

Tsiku limenelo mwala wanga unali pabwino, wakhumi kuchokera pageti, m'mbali mwa khoma la mabuloko. Kumbuyo kwanga kwenikweni kunali mwala wa bana Mulenga. Kutali kumchira kunali chidendene cha nsapato, chizindikiro cha ba Sakala, mdala wosoka nsapato pakona ya msewu wathu. Awiriwa samwerana madzi chiyambire pamene ba Sakala anawasokera nsapato ya kutchalitchi n'kusanduka yothina. Ndinangoti ndione nkhope ya bana Mulenga akapeza mdani wawo ali patsogolo pawo. Ndinatenga chidendene chija n'kuchiika pamalo panga, mwala wanga n'kupita nawo kumchira. Ufa ndinkadziwa kuti ndiupezabe, ine ndine wowonda, ndimalowa paliponse.

Lole inafika, inalowa m'geti, anayamba kutsitsa matumba n'kumawaunjika kuseri kwa khoma. Kenako wina anakuwa kuti, "Ni matumba pang'ono chabe!" Mzere unasungunuka. Tonse tinakhala thupi limodzi lokankha. Chigongono cha munthu chinali pakhosi panga, mapazi anga sankagunda pansi.

Ndiye khoma linawerama. Anthu amati linagwa kamodzi, koma ine ndinaliona likuwerama pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mpongozi akupereka moni. Mabuloko ena anagwera anthu, ena anaphulitsa matumba, ufa unakwera kumwamba. Phokoso lonse linazima. Ndinapezeka ndakhala padenga la sitolo, miyendo ili lendelende, ndikuyang'ana pansi. Anthu onse anali oyera mbee, akuyenda mwakachetechete ngati ali pansi pa madzi, pakamwa pali yasa koma mawu osatuluka. Maluwa a jakaranda ankagwera pamitu yawo limodzilimodzi. Ndinaona kamtsikana kowonda kataima pakati pawo, kavala yunifolomu ngati yanga, ndipo ndinakamvera chisoni. Kunali kokongola, ndikuuzeni zoona, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandichititsa manyazi kwambiri pambuyo pake.

Kenako pansi pa mabuloko ndinaona dzanja. Chala chachikulu chinali chakuda ndi phula la ulusi. Silinkagwedezeka.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji kunyumba. Ndinamva mawa lake kuti ovulala anali angapo, ndi kuti ba Sakala anawatengera kuchipatala pa wilibala, mwendo utathyoka pawiri. Ndinatseka makutu. Mumtima munkangobwera mawu amodzi: pamalo paja panali panga, ndinawaikapo ndi ine.

Kutsetsereka sikuchedwa. Fungo la ufa linkandinyansa, chakudya ndinkangochitembenuza m'mbale. Tulo tinkabwera tating'onoting'ono ngati shuga wa pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu. Aphunzitsi akafufuta bolodi, fumbi la choko n'kuuluka padzuwa la pawindo, ine ndabwerera padenga paja, kalasi yonse ili kutali ngati wailesi ya aneba. Lole ikadutsa pamsewu, mtima unkathamanga kundisiya m'mbuyo. Lolemba pa asembule, titaima pamzere, wina anangonditsamira pamsana. Ndinagwa ngati thumba la makala, osati ngati chitenje. Ndinadzikodzera. Inde, ndanena, lembani.

"Dailesi, nyamuka," anatero aphunzitsi a masamu. "Sewero iyi taiona kambili."

Palibe anandinyamula. Anzanga ankaseka, ena kuomba m'manja kuti lero ndiye ndaposa. Ndinapatsidwa chibalo chosesa bwalo.

Kuyambira pamenepo ndinkavala yunifolomu m'mawa, n'kukalowa m'chibasi chakufa chimene chili kuseri kwa galaja, chopanda matayala, udzu utamera pampando wa dalaivala. Ndinkagona pampando wakumbuyo n'kumayenda nacho. Tinkadutsa pamwamba pa komboni ya Chaisa, pamwamba pa Garden, madenga a malata akunyezimira pansi ngati mamba a nsomba, kondakitala wake ali mphepo. Mmenemo munalibe mzere, munalibe wonditsamira. Ndinayambanso kuba kachasu wa amayi ena ophika mowa pafupi ndi kwathu, ndikumathira m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Ndinkati andiziziritse mtima. Ankauziziritsa ola limodzi, kenako dzanja lija linkabwera lalikulu kuposa kale, ndipo ndinkasanza pawindo la basi yanga.

Lole inabwera katatu, katatu konse ine osapita. Amayi anayamba kugula pamela, tumapepala tija ta ufa wa tsiku limodzi, todula ngati mankhwala. Anandikalipira, anandikwapula ndi patapata.

"Iwe, tidye chiyani muno, masewera akowo?"

Ndinangoyang'ana pansi, ndipo nkhope yawo inasintha, chifukwa ine chibadwire sindinasowepo yankho. Tsiku lina ananunkhiza pakamwa panga. Anakwera pampando, natsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.

"Mwezi ukatha ukupita kwa azakhali ako ku Mchinji," anatero. "Kumeneko kulibe mizere, kuli makasu. Tauni yakulowa m'mutu."

Mayeso a giredi naini anali atatsala masabata owerengeka. Wopita ku Mchinji salemba mayeso, amakabwerako ndi mwana kumsana. Ndinkadziwa zimenezo, koma ndinkaziona ngati zikuchitikira kamtsikana kaja ka pansi, ine ndili padenga.

Apa ndiwerenga pang'onopang'ono.

Sutikesi ija inali yoduka chogwirira. Amayi anati, "Pita nayo kwa ba Sakala, atuluka m'chipatala, akusokera pakhonde pawo." Iwo sankadziwa kanthu za chidendene chija. Ndinayesa kunena kuti mutu ukundiwawa, koma mabodza anga anali atatha mphamvu. Ndinasenza sutikesi yopanda kanthu, yopepuka ngati chisa, koma njira ya mphindi zisanu ndinaiyenda ngati ulendo wautali wa ku Chilenje wapansi.

Ndinawapeza atakhala pakampando, mwendo uli tambalale m'chikhakha choyera, nsapato za anthu zitawazungulira ngati nkhuku. Ndinagwada, ndinapereka moni maso ali pansi.

"Kodi ndi kamvuluvulu kaja?" anatero. "Lero kafatsa bwanji? Ndani wamwalira?"

Ndisanayankhe, lole ya mchenga inadutsa pamsewu, ikubangula pokwera kachitunda. Ndinamva mapazi akuchoka pansi, denga likundiitana. Koma ndisanakwere, ndinamva kanthu kakugwa pasimenti, ngwee. Inali singano yawo. Ba Sakala anali thukuta lokhalokha pamphumi, maso ali kutali. Tinayang'anana.

"Nawenso?" anafunsa motsitsa mawu.

Mawu amodzi okhawo. Sanafunse ngati ndikuchita sewero. Ndinalira kulira kumene sindinalirepo chigwere khoma, konyansa, kwa mamina, kopanda luso ngakhale pang'ono.

Anandisiya ndilire. Kenako anandipatsa kachibulumwa ka phula ndi ulusi wautali. "Gwira apa. Koka ulusiwu udutse paphula, pang'onopang'ono, ukathamanga uduka. Pokoka, koka ndi mpweya. Pobwerera, utulutse, usaumire. Ine ndi mmene ndimabwererera." Tinakoka limodzi. Phula linali lofunda, lonunkhira ngati kandulo. "Tsopano ndiuze, ukuona chiyani pakhonde pano?"

"Nsapato yofiira ya mwana."

"China?"

"Chitini cha misomali. Nyerere zikunyamula chimanga. Chala chanu chatulukira kuchikhakha."

"Chimenecho usachiyang'ane kwambiri, sindinasambe."

Ndinaseka pang'ono, ndipo ndinazindikira kuti ndakhala pasimenti, simenti yake yotentha, ndipo ndili m'thupi mwanga. Pamenepo ndinaulula zonse: kuti pamalo paja panali panga, kuti chidendene chawo ndinachisuntha ndine, kuti mwendo uwo unayenera kukhala wanga.

Mapewa a ba Sakala anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka chikhakha chikugogoda pansi.

"Iwe mwana, ukuganiza kuti ndinali mtulo? Ndinakuona! Ndinati Mulungu adalitse kamfiti aka. Utangochoka ndinanyamuka ngati ndikupita kukataya madzi, ndinachikankhanso ndekha chidendenecho, mpaka chachinayi kuchokera pageti. Dyera, mdzukulu wanga. Tandiuza, bana Mulenga anali kumbuyo kwako kwenikweni. Anathyoka pati?"

Ndinaganiza. Bana Mulenga anangoyera ndi ufa, n'kutaya duku.

"Ndiye pamalo pakopo khoma silinafike. Ndipo ngakhale likanafika, khoma lija linang'aluka kalekale iwe usanayambe sukulu, tonse tinkaliona, tonse tinkalitsamira. Linagwetsedwa ndi njala ya anthu mazana, osati chala chako chaphazi. Usadzikweze, siwe wamphamvu choncho."

Anatembenuza sutikesi, nayang'ana chogwirira chimene akanachisoka pa mphindi khumi. Ndinawauza za Mchinji. Anapukusa mutu ngati dokotala.

"Ukawauze mayi ako kuti ntchito iyi ndi yovuta kwambiri. Itenga masabata atatu. Mwina anayi."

Musaganize kuti ndinachira tsiku lomwelo. Madzulo ake ndinawauza amayi zonse, ndi za chibasi zomwe. Anati, "Bwanji sunanene?" Ndinati, "Mukanakhulupirira?" Mawa lake anajomba kumayadi, nanditengera kwa ba Sisita. Iwo anatiuza kuti si mizimu, si misala, ndipo si ulesi. Anati thupi likaona zoopsa limakhala ngati galu amene waona wakuba, limauwabe ngakhale wakubayo atapita kalekale. Kwa ambiri limatonthola pakapita masabata, makamaka ukamadya, ukamagona nthawi yake, ukamalankhula ndi munthu amene akukumva. Likapitirira mwezi likuuwabe, kapena ukayamba kuganiza zodzivulaza, usadikire, ubwerere kukiliniki. Za kachasu anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo kabotolo kaja ndinakataya m'ngalande pobwerera.

Pa chakudya ndinayamba ndi mbatata, chifukwa sinunkha ufa. Kenako phala, supuni zitatu. Amayi anakalankhula ndi ahedi, ndipo anandilola kukhala pafupi ndi chitseko m'kalasi ndi kuima kumapeto pa asembule. M'thumba la yunifolomu ndinkayenda ndi ulusi ndi phula. Choko chikauluka, dzanja m'thumba, koka, tulutsa, tchula zimene ukuona: bolodi, dazi la aphunzitsi, ntchentche padazipo.

Kusitolo tinkapita ndi ba Sakala, iwo pandodo ziwiri, ine pambali. Tsiku loyamba tinangofika pamene denga lake limaonekera, n'kubwerera. Tsiku lachiwiri tinafika pamajakaranda. Tsiku lachitatu ndinathawa, ndinakapezeka m'chibasi changa, ndipo mdala anachita kundigogodera ndi ndodo pawindo kuti, "Kondakitala, nditsike pati?" Tinayambiranso. Tsiku lina ndinagwira ndi dzanja pamene panali khoma. Anali atamangapo waya. Panali pamalo wamba, nkhuku ikutolatola.

Ndiye mphekesera inamveka: lole ifika Lachisanu. Mwezi unali utatsala masiku awiri. Amayi anati, "Sindikukakamiza." Koma ndinaona kuti apinda kale madiresi anga awiri, awaika pampando.

Lachinayi ndili m'kalasi, ndinamva kanthu kakundigirigisha m'mimba, kamene ndinali nditakaiwala. Kanali kaganizo koipa. Ndinakalandira ngati m'bale wochokera kutali.

Kusukulu kwathu, kuseri kwa chipinda cha sayansi, amasunga fulu. Lachisanu ndinamubwereka. Ndinamupaka matope pamsana, ndinalembapo D ndi choko, ndipo pamzere ndinamuika kumbuyo kwenikweni kwa mwala wa bana Mulenga. Ndi mantha anabweza mutu ndi miyendo, anakhala mwala wabwinobwino. Ndinakakhala pamthunzi pafupi ndi ba Sakala, ulusi uli m'dzanja.

Dzuwa linali phwee, anthu akusinza. Kenako mwala wanga unatulutsa mwendo umodzi. Unatulutsa wina. Unanyamuka mwaulemu, unazungulira mwala wa bana Mulenga, unadutsa chitini, unadutsa patapata, osathamanga, ngati munthu wamkulu amene akudziwa kumene akupita. Mthunzi wonse unali maso okhaokha. Ndinaganiza kuti mwina ndabwereranso kumaloto, mpaka bana Mulenga anakuwa:

"Mayo ine! Mwala uyenda!"

Palibe anathawa, chifukwa fulu sathawitsa munthu. Anthu anangogwa ndi phwete. Bana Mulenga anati ndibweze kumbuyo chinyama changa, koma ba Sakala anakweza ndodo ngati woweruza. "Lamulo tonse timalidziwa. Pomwe pali mwala wako ndi pomwe pali iwe. Mwala wa mwanayu wayenda wokha, tonse taona, palibe waukhudza." Mzere wonse unavomera. Fulu anaima atadutsa anthu atatu, pomwe panali khoko la mango.

Tili m'kati moseka, lole inalira. Mtima unadumpha, mapazi anapepuka, denga linandiitana ndi dzina. Ndinaima pamzere fulu ali kukhwapa, anthu kutsogolo, anthu kumbuyo, wina akundipumira m'khosi. Koka. Tulutsa. Duku lobiriwira. Geti. Waya. Maso a fulu, okalamba, osadabwa ndi kanthu. Ndinanjenjemera njira yonse mpaka pawindo la sitolo, koma ndinanjenjemera ndili pansi, pamapazi anga.

Ndinalowa pakhomo thumba lili pamutu. Amayi analiyang'ana, anandiyang'ana ine, anayang'ana fulu. Anatenga madiresi aja pampando, nawabwezera m'kabati. Sutikesi inabwera sabata yotsatira, chogwirira chitasokedwa bwino kwambiri, ndipo ili pamwamba pa kabati mpaka lero, mukugona akangaude. Mayeso ndinalemba. Masamu musandifunse.

Inu amene mudakali padenga, sindikuuzani kuti tsikani lero. Ine lole ikandidzidzimutsa ndimakwerabe pang'ono. Koma pezani munthu mmodzi woti mumuuze, ndipo wina akakuuzani zake, musamufunse ngati akuchita sewero, ngakhale atakhala wabodza ngati ine. Ulusi ndi phula ba Sakala abwera nazo, zili m'chitini pakhomopo, aliyense atenge.

Fulu ndinamubweza. Ahedi akufufuzabe amene analemba D pamsana pake, ndipo ine ndawalonjeza kuti ndiwathandiza kufufuza. Koma inu bana Mulenga, funso lija munkafunsidwa chaka chonse, lero muyankhe pamaso pa anthu: mwala uli na mendo, kapena ulibe?